Kugwira utuchi pamene ukutulukira: malangizo kwa opala matabwa pakhomo mu Harare

Ambiri a ife amene timadya za matabwa mu Harare muno sitigwirira ntchito m'mafakitale a ku Willowvale kapena ku Msasa. Tili m'galaja, kapena m'kashedi ka malata kuseri kwa nyumba ku Mufakose, ku Mabvuku, ku Dzivarasekwa, pamalo poti chingwe choyanikira zovala chadutsa pafupi ndi benchi ndipo ana akusewera mamita ochepa kuchokera pa sowo. Malangizo awa ndalembera mmisiri wotero. Mfundo yake ndi imodzi: utuchi ugwireni pamene ukutulukira, pa mano a sowo penipeni. Ukangomwazika m'chipinda, ngakhale makina odula bwanji sangaubweze wonse.

Yambani ndi kuona fumbi lanu

Utuchi uli pawiri. Pali waukulu uja umagwa pansi n'kuunjikana kumapazi. Umenewo umadetsa, umaterera, umakolezera moto, koma m'mapapo sufika. Ndiye pali fumbi losalala kwambiri, lotuluka posalaza ndi sandipepala, pa router (makina ogobera mizere pa thabwa) ndi pocheka MDF, matabwa aja opangidwa ku fakitale ndi timinyewa ta mtengo. Tsitsi la munthu n'lonenepa pafupifupi ma micron 70 (micron ndi gawo limodzi mwa magawo 1,000 a milimita). Tinthu tosakwana ma micron 10 maso satiwona, timayandama mumpweya makina atazima kalekale, ndipo ndi timene timadutsa mphuno n'kutsikira m'chifuwa.

Musanawononge ndalama iliyonse, chitani izi. Chakumadzulo tsekani chitseko, siyani nyali imodzi yokha yoti muziona manja anu, ndipo mnzanu aime kuseri kwa makina ndi tochi yowala kwambiri, aiwalitse chopingasa kudutsa pamene mukuchekapo. Chekani thabwa limodzi. M'kuwala kwa tochiyo muona mtambo ukutumphuka, ndipo muona kumene ukulowera: kutsogolo, pansi, kapena kumaso kwanu. Chitani chimodzimodzi pa makina aliwonse, muzilemba ndi choko pakhoma kumene fumbi la makinawo limathamangira. Zonse zimene titamange pambuyo pake zidalira mizere ya chokoyo.

Nkhaniyi si ya ukhondo wokha. Mu 1995 bungwe la IARC, nthambi ya WHO yofufuza za khansa, linaika fumbi la matabwa m'gulu loyamba la zinthu zoyambitsa khansa, makamaka ya m'mphuno, ndipo mitengo yolimba ndiyo imatchulidwa kwambiri. Khansa imatenga zaka zambiri, koma mphumu, chimfine chosatha ndi kuyabwa kwa khungu sizichedwa. Ku Britain malire ovomerezeka pantchito ya maola 8 ndi mamiligalamu 5 pa kyubiki mita ya mpweya kwa mitengo yofewa, ndi 3 kwa yolimba. Galaja ya mamita 6 m'litali, 3 m'lifupi ndi 2.5 kupita m'mwamba ili ndi makyubiki mita 45. Werengani nokha: fumbi losakwana kotala ya galamu imodzi likakhala mumpweya wa galajayo, malire afika kale.

Paini wa ku Mutare ndi ku Chimanimani ndi wopepukirapo, koma nayenso amadwalitsa. Mlombwa, umene pamsika pano mumaugula pa dzina la mukwa, ndi teak wa ku Matabeleland amayetsemulitsa ndi kufinya pachifuwa. MDF, imene ambiri timangoti supawood, ndiyo yoipitsitsa pa fumbi, chifukwa ndi timinyewa ta mtengo tomatidwa ndi guluu wokhala ndi formaldehyde, ndipo mukaicheka pafupifupi zonse zotuluka ndi fumbi losalala lokhalokha.

Masiki, lero lomwe

Gulani masiki yolembedwa FFP2 kapena N95, kapena FFP3 ngati mumagwira MDF tsiku ndi tsiku. FFP2 imasefa 94 peresenti ya tinthu tating'ono, FFP3 imasefa 99. Tija ta buluu tinazolowera nthawi ya Covid timasiya mipata m'masaya, ndipo mpango womanga kumaso umangokupatsani mtima woti mwadziteteza. Pindani kachitsulo ka pamphuno kagwire bwino, phimbani masikiyo ndi manja n'kupuma mwamphamvu. Mukamva mphepo m'maso, sinakhale bwino. Ndevu zimatsegula njira m'mbali, choncho metani. Ndipo musaivule sowo ikangozima, chifukwa nthawi imeneyo m'pamene mpweya wadzaza. Masiki imateteza inu nokha. Mayi ndi ana sakuivala, n'chifukwa chake sitiima pano.

Tsegulirani mphepo njira

Mavidiyo ambiri a pa YouTube okhudza nkhaniyi amajambulidwa kumayiko ozizira, kumene munthu sangataye mpweya wofunda panja, ndiye amalimbana ndi masefa odula. Ife mwayi tili nawo: chaka chonse tikhoza kugwira ntchito zitseko zili pululu.

Mu Harare mphepo nthawi zambiri imachokera chakum'mawa. Ngati n'kotheka, polowera mpweya pakhale mbali imeneyo, ndipo pakhoma la kumadzulo booleni poika fani yotulutsa mpweya. Fani yokoka makyubiki mita 500 pa ola imasintha mpweya wa galaja ija kopitirira ka 10 pa ola. Sankhani ya mota yotsekeka, yoti fumbi lisalowe m'mawaya ake. Kenaka konzani kaimidwe kanu: mpweya woyera uzibwera chakumbuyo kapena cham'mbali mwanu, udutse pa thabwa, upite ku fani. Mukaima pakati pa thabwa ndi fani ndiye kuti fumbi lonse liyamba ladutsa pamphuno panu.

Yang'anani kunja kwa khomalo musanaboole. Ngati kuli zenera la chipinda chogona, kapena chingwe cha zovala cha aneba, sunthani bowolo. Tikukhala mothinana, ndipo kukhala bwino ndi anzathu n'kofunika kuposa mita imodzi ya paipi. Fani iziyakabe kwa mphindi 20 kapena 30 mutaweruka.

Makina okokera alipo mitundu iwiri, musawasokoneze

Apa m'pamene ndalama zambiri zimatayikira. Vacuum ya m'shopu, ija ya chidebe ndi paipi yopyapyala ya mamilimita 32 mpaka 38, imakoka mwamphamvu koma mpweya wochepa. Ndi yabwino pa zida za m'manja zokhala ndi kabowo kakang'ono: sander (makina osalazira), router, jigsaw, sowo yozungulira ya m'manja. Dust collector, ija ya fani yaikulu ndi matumba awiri, imakoka mofatsa koma mpweya wochuluka kudzera pa paipi ya mamilimita 100. Imeneyo ndi ya sowo ya pa tebulo, makina opalira ndi bandsaw. Mukalumikiza vacuum ku makina opalira, paipi itsekeka thabwa lisanathe. Mukachepetsa paipi ya dust collector kuti ilowe pa sander, mwaitsamwitsa, chifukwa paipi ya 50 ili ndi malo odutsa mpweya kotala chabe ya paipi ya 100, osati theka monga ambiri amaganizira.

Nambala yoti muisunge ndi iyi: kuti utuchi usagone m'paipi, mpweya uzithamanga pafupifupi mamita 20 pa sekondi. Pa paipi ya 100 zimenezo zikutanthauza makyubiki mita pafupifupi 565 pa ola. Pa paipi ya 150 zikutanthauza pafupifupi 1,270. N'chifukwa chake makina ang'ono a 750 W, amene amalembedwa kuti 1 HP, ayenera kukhala pa paipi ya 100, yaifupi, kutumikira makina amodzi pa nthawi. Mukawapatsa paipi ya 150 poganiza kuti mukuwapumitsa, mpweya uyenda pang'onopang'ono ndipo utuchi udzaza pansi pa paipiyo.

Nambala zolembedwa pa bokosi musazikhulupirire zonse. Zimayezedwa popanda paipi, popanda thumba lodzaza. Onjezani apo kuti Harare ili pamtunda wa pafupifupi mamita 1,500, kumene mpweya ndi wopepuka ndi pafupifupi 15 peresenti kuyerekeza ndi kugombe la nyanja yamchere, ndiye fani yomweyo imakoka mofookerapo kuno kusiyana ndi ku Durban. Chenjeraninso ndi makina akale ochokera ku America. Kupatula kuti ambiri amafuna magetsi a 110 V, ochepera athu, mota zawo zinapangidwira magetsi a 60 Hz. Pa 50 Hz yathu mota ya maulendo 3,450 pa mphindi imazungulira pafupifupi 2,850, ndipo fani yake imataya mphamvu yokoka yochuluka ndithu.

Ngati thumba silikulola kugula zatsopano, owotcherera amene amapanga zigayo akhoza kukupangirani fani yachitsulo ya mamilimita 250 mpaka 300 pa mota ya maulendo 2,850. Pemphani ayiyatse muli pomwepo. Ikamanjenjemera n'kuyenda pansi yokha, mapiko ake sanalingane kulemera; musainyamule, chifukwa idzadya mabering ndipo tsiku lina phiko likhoza kuthothoka.

Pakamwa pa makina: ntchito yeniyeni ili apa

Ikani dzanja pakamwa pa paipi ya 100 imene ikukoka, kenaka libwezeni pang'onopang'ono. Pofika masentimita 10 kukoka kuja kwatsala pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 10. Kupopera mpweya kumafika patali, koma kukoka kumathera pafupi kwambiri. Tsono buledi ya mamilimita 250 yozungulira ka 4,000 pa mphindi, mano ake amathamanga kupitirira mamita 50 pa sekondi. Utuchi woponyedwa pa liwiro limenelo simungaukhotetse ndi mpweya wa mamita 20 pa sekondi. Chimene mungachite ndi kuutchingira kutsogolo kumene ukupita, ugunde khoma, ufooke, paipi iutole. Mizere ya choko ija ikuuzani poika khomalo.

Pa sowo ya pa tebulo, tsekani kunsi konse ndi plywood kapena hardboard. Pansi pa bokosilo pakhale potsetsereka, kutsikira ku bowo la 100, loikidwa chakumene mano amaponyera utuchi akamatsika. Mipata ya pamene pamadutsa chogwirira chokwezera ndi chopendeketsera buledi itsekeni ndi zidutswa za chubu cha galimoto zong'ambidwa pakati, kuti chogwiriracho chizisuntha. Koma musamate ponseponse. Mpweya umene ukutuluka uyenera kulowa penapake, ndipo malo olowera onse pamodzi asachepere kukula kwa paipiyo. Malo abwino ndi mbali yoyang'anizana ndi bowo lotulukira, kuti mpweya usese bokosi lonse podutsa ndi kuziziritsa mota ngati ili mkatimo. Bokosi lomatidwa kotheratu limamveka ngati likukoka mwamphamvu, koma mkati utuchi umangokhala phee.

Fumbi limene limakupezani kumaso limachokera pamwamba pa tebulo, kumene mano akumbuyo amakwera nalo. Ambiri tinachotsa chotchinga cha buledi tsiku loyamba n'kuchiponya pansi pa benchi. Chibwezeni, ndikukupemphani, chifukwa cha zala zanu choyamba. Kenaka booleni pamwamba pake chakutsogolo, muikepo paipi ya vacuum yolendewera kuchokera kudenga kuti isakole thabwa. Musakwezenso buledi mopitirira. Ingotulukira mamilimita ochepa pamwamba pa thabwa. Buledi yobuntha imapera m'malo mocheka, choncho kunoletsa mano n'kuchepetsanso fumbi.

Mitre saw, sowo ija yotsitsa kuchokera pamwamba yodulira makona, imaponya chakumbuyo mobalalika, ndipo kathumba kake kamagwira zochepa. Imangireni bokosi kumbuyo, lotseguka kutsogolo kokha, lalikulu moti sowo itembenuke madigiri 45 mbali zonse popanda kugunda, ndipo bowo la paipi likhale pansi kumbuyo kwa buledi. Makina opalira amatulutsa zambiri kuposa onse koma zikuluzikulu. Angofuna chipewa chachitsulo kapena cha plywood pamwamba pa mipeni, paipi ya 100 ndi mgolo waukulu.

Sander ndiyo imatulutsa zochepa m'maso koma zoopsa kwambiri. Chotsani kathumba kake, lumikizani vacuum, ndipo onetsetsani kuti mabowo a sandipepala alingana ndi a pa sander. Ndaonapo amisiri aluso akumata pepala lopanda mabowo chifukwa n'lotchipa, paipi ili polumikizidwa bwinobwino koma yosakoka kanthu. Ngati pepala lanu lilibe mabowo, libooleni ndi msomali wonenepa motsatira a pa sander. Polumikizira pakakhala polobodoka, kulungani malegeni. Posalaza pamanja, pangani bokosi losaya la masentimita 60 kwa 40, pamwamba pake pegboard (hardboard ya timabowo tambirimbiri), m'mbali paipi ya 100, muzisalazira tizidutswa pamenepo. Zitseko ndi matebulo akuluakulu tulukani nazo panja, mphepo ikhale kumbuyo kwanu.

Mgolo wolekanitsa utuchi ndi mpweya

Amene munapitapo kuchigayo mukudziwa chitsulo chija chosongoka kunsi: ufa ndi mpweya zimalowa cham'mbali n'kuzungulira, ufa umatsikira m'thumba, mpweya umatuluka pamwamba. Cholekanitsa utuchi chimagwira ntchito chimodzimodzi. Chimaikidwa pakati pa makina ochekera ndi fani, ndipo phindu lake ndi lowirikiza: sefa sitsekeka msanga, komanso misomali ndi zidutswa zimagwera mumgolo m'malo mokamenya mapiko a fani.

Wosula malata akhoza kukupindirani chitsulo chosongoka chotere, chimene amati cyclone, ndipo a vacuum amagulitsidwa apulasitiki okonzeratu. Koma njira yosavuta kupanga nokha ndi imene anayambitsa mmisiri wa ku America Phil Thien, yongofuna mgolo ndi mabwalo awiri a thabwa.

Pezani mgolo wachitsulo wa malita 200, wa chivundikiro chochotseka. Ngati mwapeza wotsekeka umene munali petulo, thinner kapena mafuta ena, musaudule ndi grinder, ngakhale utaoneka wouma. Nthunzi yotsalira mkati imaphulika, ndipo anthu afapo ndi zimenezi. Funani wina.

Dulani bwalo la plywood ya mamilimita 18, lokulirapo pang'ono kuposa kukamwa kwa mgolo. Chimenecho ndicho chivundikiro. Kunsi kwake, pamene chikhudzane ndi mlomo wa mgolo, matani mphira kuzungulira konse. Booleni mabowo awiri a saizi ya paipi yanu: limodzi pakatikati, lina m'mphepete. La pakati ndi lotulukira mpweya kupita ku fani, ndipo paipi yake ilowe mkati pafupifupi masentimita 5. La m'mphepete ndi lolowera utuchi. Kunsi kwake ikani bendi yoyang'ana cham'mbali motsatira khoma la mgolo, kuti zolowa ziyambe kuzungulira.

Tsopano bwalo lachiwiri, la hardboard kapena plywood yopyapyala, lokwanira ndendende mkati mwa mgolo. Ligaweni patatu. Magawo awiri, amene ndi madigiri 240, achepetseni m'mphepete ndi mamilimita 30 kuti pakhale mpata pakati pa bwalolo ndi khoma la mgolo. Gawo lachitatu, la madigiri 120, lisiyeni lathunthu. Lendewetsani bwaloli kunsi kwa chivundikiro ndi mabawuti atatu ataliatali, likhale pansi penipeni pa bendi ija, mbali yake yosalala iyang'ane m'mwamba. Gawo lathunthu liyambire pansi pa kukamwa kwa bendi ndi kupitirira kumene mpweya ukulowera. Utuchi ukazungulira umatsata khoma, umagwera mumpata, ndipo bwalolo limautchinga kuti mphepo ya pamwamba isaunyamulenso.

Zinthu ziwiri zimalepheretsa mgolo wotere. Choyamba ndi kubooka. Kampata kakang'ono pachivundikiro kamalowetsa mpweya umene umatukula utuchi wa pansi n'kupita nawo ku sefa. Yatsani fani, yendetsani kofukiza udzudzu kuzungulira chivundikiro ndi molumikizira monse paipi yolowera isanalumikizidwe ku utuchi ndipo mgolo uli wopanda kanthu. Pamene utsi ukukokedwera mkati, matani ndi silikoni. Chachiwiri ndi kudzaza. Ukafika magawo awiri mwa atatu, khuthulani. Kadulani kazenera m'mbali chakumtunda, mumatepo pulasitiki yoonekera, kuti musamachite kutsegula.

Kunena zoona, cholekanitsa chilichonse chimadya gawo la mphamvu ya fani. Pa makina a 750 W muchiona. Bwezani mphamvuyo pofupikitsa mapaipi. Pa vacuum gwiritsani ntchito mgolo wabuluu wa pulasitiki yolimba wa malita 50 kapena 60. Chidebe cha penti cha malita 20 chimafwaphuka paipi ikangotsekeka.

Mapaipi

Paipi ya PVC ya mamilimita 110, ija ya zimbudzi yopezeka mu hardware iliyonse ndi ku Siyaso ku Mbare, imagwira ntchito bwino. Ikani dust collector pafupi ndi makina amene amatulutsa zambiri, osati pakona pamene pangopezeka malo. Pokhota gwiritsani ntchito mabendi awiri a madigiri 45 okhala ndi kachidutswa kowongoka pakati, m'malo mwa imodzi ya 90. Pogawa nthambi gwiritsani ntchito Y yoloza kumene mpweya ukupita. T imagundanitsa mpweya ndi khoma. Paipi yofewa ya makwinya imalimbana ndi mpweya pafupifupi katatu kuposa yosalala, choncho ikhale ya pomalizira pokha, mita imodzi kapena kuchepera, yokokedwa bwino.

Nthambi iliyonse ikhale ndi kachitseko kotsetsereka. Mukhoza kukapanga ndi matabwa awiri oboola ndi kachidutswa ka hardboard koyenda pakati. Tsegulani kamodzi kokha pa nthawi. Molumikizira musamate ndi guluu wa PVC. Ingolowetsani n'kukulunga tepi, chifukwa tsiku lina kachidutswa kadzakola mkati ndipo mudzafuna kumasula.

Ngati makina anu ndi awiri kapena atatu okha, musavutike ndi zonsezi. Ikani fani ndi mgolo pa thabwa la mateyala, muzikankhira pa makina amene mukugwiritsa ntchito ndi paipi ya mamita awiri. Nthawi zambiri zimenezi zimakoka bwino kuposa mapaipi oyenda khoma lonse.

M'miyezi youma, kuyambira Juni mpaka Okutobala, PVC imasonkhanitsa magetsi a mkhukhuzo ndipo imakulasani mukaikhudza. Choopsa chake n'chakuti mumadzidzimuka dzanja lili pafupi ndi buledi. Kulungani waya wa kopa wosakutidwa kunja kwa paipi, muulumikize ku thupi lachitsulo la makina olumikizidwa ku earth.

Kumene mpweya ukuthera

Matumba a nsalu amene amabwera ndi makina otchipa nthawi zambiri amagwira tinthu ta ma micron 30 kupita m'mwamba. Ndiye kuti amasunga utuchi wosavulaza, n'kupopera m'chipinda fumbi lenileni lija. Muliyese ndi tochi thumbalo likamafufuma poyatsa, muona. Njira zilipo ziwiri. Yotchipa ndi kutulutsa makinawo kunja: amangireni kakhumbi ka malata kuseri kwa khoma, paipi yokha ilowe m'shopu. Phokoso nalonso limachepa. Ngati malo salola, sinthani thumbalo ndi la felt la micron 1 kapena sefa ya cartridge, ija ya makwinya ngati sefa ya mpweya ya galimoto. Pa vacuum ikani thumba la mkati pamodzi ndi sefa ya HEPA, yogwira tinthu tating'ono kwambiri, ndipo pogula yatsopano funani yolembedwa Class M, imene imagwira 99.9 peresenti ya fumbi.

Kuti mudziwe nthawi yotsuka sefa, tengani paipi yoonekera mkati ija omanga nyumba amayezera levulo, ipindeni ngati U pa kathabwa, thiranimo madzi mpaka theka. Mbali imodzi ilowe pakati pa fani ndi sefa, ina ikhale yotseguka. Sefa ili yoyera, yatsani makina, lembani pamene madzi afika. Kusiyana kwa mbali ziwirizo kukawirikiza kawiri, ine ndimati nthawi yakwana. Kakunthireni panja, masiki ili kumaso, mphepo ikuchoka kwa inu.

Magetsi

Soketi ya 13 A imanyamula pafupifupi 3,000 W. Sowo ya 1,800 W ndi vacuum ya 1,400 W pa adaputala imodzi zapitirira kale. Zigaweni pa mizere iwiri, ndipo chingwe chowonjezera chikhale chonenepa, chomasulidwa chonse pa chokulungira chake kuti chisatenthe. Magetsi akathima n'kuyatsa jenereta kapena inverter, kumbukirani kuti mota ya dust collector poyamba imakoka mphamvu ka 5 mpaka ka 7 kuposa pamene ikuyenda. Yatsani iyo poyamba, ifike pa liwiro lake, kenaka sowo. Pozimitsa yambani ndi sowo, fani itsalire masekondi angapo kuti paipi iyere. Jenereta ikhale panja, kutali ndi khomo lolowera mpweya. Mafani anu akukoka mpweya wakunja kulowetsa m'shopu, ndipo utsi wa jenereta uli ndi carbon monoxide, imene sinunkha koma imapha. Ngati jenereta singakwanitse zonse ziwiri, tsiku limenelo chitani ntchito ya guluu, yolumikiza ndi ya puleni ya pamanja. MDF idikire magetsi.

Moto ndi kusesa

Aliyense mu Harare akudziwa kuti msika wa mipando wa ku Glen View Area 8 wapsa kangapo, anthu n'kutaya katundu ndi zida zawo zonse. Utuchi, siponji ndi thinner zikakhala malo amodzi, moto sufuna zambiri. Kunyumba kwanu kuseri kwa khomalo kukugona ana. Musakoke zothetheka za grinder ndi paipi ya utuchi, ndipo ponolera zitsulo pakhale patali ndi mgolo. Kamoto kolowa mu utuchi kakhoza kunyeka mwakachetechete kwa maola n'kuyaka usiku, choncho khuthulani mgolo ndi thumba poweruka, makamaka tsiku limene mwacheka mapaleti a misomali. Nsanza zonyowa ndi mafuta a linseed zimatentha zokha zikaunjikidwa. Ziyanikeni panja chotambasula kapena ziviikeni m'madzi. Chozimitsira moto chikhale pakhomo, osati mkati kuseri kwa matabwa.

Kusesa kouma ndi tsache kumadzutsa fumbi limene linagona kale, ndipo kupemerera ndi compressor n'koipa kuposa apo. Zikuluzikulu wolani ndi fosholo, zotsalazo kokani ndi vacuum, kuphatikizapo pamwamba pa mashelefu, pa mitanda ya denga ndi pa mota. Ngati vacuum palibe, wazani madzi pang'ono musanasese. Ovololo ivulidwe m'shopu momwemo ndi kuchapidwa payokha, musanakanyamule mwana.

Kopita utuchiwo

Khalani ndi matumba awiri, ndipo khuthulani mgolo musanasinthe mtundu wa matabwa. Zopala za paini woyera, zouma, oweta nkhuku za broiler amazifuna zoyala m'khola ndipo amalipira. Fumbi losalala musawapatse, limavutitsa anapiye kupuma. Utuchi wa mitengo yopanda mankhwala umayaka bwino m'mbaula ya utuchi, komanso umalowa mu kompositi mukausakaniza ndi zitosi za nkhuku kapena ndowe. Wokha wokha musaukwirire m'dimba, chifukwa powola umalanda nayitrojeni m'nthaka ndipo masamba a rape amachita chikasu.

Thumba lachiwiri ndi la MDF, chipboard, matabwa opaka penti ndi aja obiriwira a denga ndi mipanda, amene anamizidwa m'mankhwala a CCA okhala ndi kopa, chromium ndi arsenic. Zimenezi zisapite kwa nkhuku, m'dimba kapena pamoto, chifukwa utsi ndi phulusa lake ndi poizoni. Wazanimo madzi pang'ono kuti zisauluke, mangani thumbalo pakamwa mwamphamvu, lipite ndi zinyalala zotengedwa ndi galimoto.